Masamba pa Chingwe

M'mawa uliwonse, dzuwa lisanasuzumire kuseri kwa phiri la Bangwe, mzinda wa Blantyre unkadzuka n'kuyamba kuuluka. Zisa zinkatuluka m'masiteshoni motsogozana, zitapachikika pa chingwe chimodzi chachitali chimene chinayambira ku Chilomoni, kudutsa pamwamba pa mtsinje wa Mudi, pa Chichiri ndi pa Limbe, n'kukathera ku Bangwe. Zinali nalo dzina la m'mabuku, lalitali komanso lachizungu, koma palibe ankalitchula. Anthu atangoona tinyumba tagalasi tikulendewera m'mwamba ngati zisa za atchete, dzina linagwira pomwepo.

Chingwecho chinathetsa mdipiti wa magalimoto ndi utsi wake, koma kuchedwa sichinakuthetse. Munthu wa m'tauni ngakhale utamupatsa mapiko adzadzukabe mochedwa, n'kukwiyira anzake. Makondakitala anatha kalekale, koma pakamwa pawo panatsala, ndipo aliyense anatengako pake. M'zisamo anthu ankapondana zala, kubayana ndi zigongono, kutsonyana, moti ena ankafika kuntchito atatukwana kale theka la mzinda asanamwe n'tiyi yemwe. Madokotala anayamba kudandaula kuti ulendo wa m'mawa ukudwalitsa anthu bipi. Apa m'pamene akatswiri anaikamo Kaligo.

Kaligo sanali wailesi. Anali makina omvera, ndipo makutu ake anali zitsulo zogwirira zija: za m'mwamba, za m'mbali, ndi zotsamirapo mkono za pampando. Ukangogwira chitsulo, iye ankamva kugunda kwa mtima wako, thukuta la m'chikhatho, ndi kanyimbo kogona pansi pa maganizo ako, kaja umang'ung'udza osadziwa ukamachapa kapena kusita. Ankatola kako, kanga ndi ka uyo, n'kuluka nyimbo imodzi ya chisa chonse, yoti sinamvekepo ndipo siidzamvekanso. Akapeza nyimbo imodzimodzi m'mitima iwiri, imeneyo ndiyo ankaitsogoza, zinazo n'kumangovomera. Ntchito yake inali imodzi yokha, kupepuza mitima. Anamutcha Kaligo chifukwa mawu ake ankamveka ngati akutuluka m'chingwe chenichenicho, ndipo kaligo wa makolo nayenso amalira ndi nsambo imodzi.

Ntchitoyo ankaitha, tisamunamizire. Anthu ankalowa m'chisa nkhope zili zolimba, n'kutuluka akupatsana moni ndi omwe anawaponda.

Mu Bangwe monse munalibe wokonda Kaligo kuposa mayi Elube Nankwenya, telala wa mayunifolomu mumsika wa Limbe. Iwo chitsulo ankagwira ndi manja onse awiri, maso atatsinzina, chiuno chikuyankha chokha, mpaka masiku ena kupitirira siteshoni yawo. Koma m'mawa wa Lachiwiri limene tikunenali anakwera chisa cholowera ku Chilomoni, chopanda anthu chifukwa khamu lonse linkalowera kwina, n'kukhala pakati pa mpando manja atawapinda pamiyendo. Sanakhudze kalikonse.

Mkulu wawo, Idesi, anali atatisiya m'bandakucha. Anagona bwinobwino, osadzukanso. Mwana wa Idesi, Sungeni, anakwatiwa ku Chilomoni, ndipo anali ndi pakati, mwezi wake utayandikira. Magazi ake ankathamanga, choncho ku sikelo anamuveka chibangili cha magetsi padzanja. Chikayaka mobiriwira ndiye kuti zili bwino, chikasanduka chikasu ndiye apumule, chikafiira ndiye kuti mayi ndi mwana yemwe ali pachiswe. Adokotala ananena mosapsatira kuti nkhani yodzidzimutsa ikhoza kumuphera mwana m'mimba. Mwamuna wake anali kutali, ku minda ya magetsi a dzuwa ku Nsanje.

Makina anasintha zambiri, koma mwambo umodzi sanaukhudze. Munthu sauzidwa imfa ya mayi ake ali yekha kapena ali panjira. Amauzidwa kuti akudwala, abwere, ndipo zoona amakazimvera pakhomo, pamene pali manja omugwira. Akuluakulu apabanja anakumana pakhonde mtembo usanazizire, nagwirizana kuti aliyense atseke pakamwa ndi foni yomwe, ndipo wokamutenga mwanayo akhale mayi Elube.

"Koma musalire, achemwali," anatero mlongo wawo, malume ake a Sungeni. "Mukalira ndiye mwaulula. Mudzalira mukabwera naye."

Choncho mayi Elube anameza misozi ya mkulu wawo yekhayo. Chitenje ndi mpango anazipinda n'kuziika pansi penipeni pa chikwama, pakuti mkazi wofika pakhomo m'mawa atamanga zimenezo safunika kuyankhula. Anavala diresi lachikasu la paukwati, nadzola ndi zofiiritsa milomo zomwe. Ankaganiza kuti munthu wowala chotero palibe angamukayikire.

Anamupeza Sungeni akuyanika matewera atsopano amene anawachapiratu.

"Mayi aang'ono? M'mawa uno? Kwagwanji?"

"Palibe chagwa, iwe. Munthu sangayendere mwana wake?" anatero mayi Elube, akuseka kuseka kouma. "Kungoti amayi ako sanagone bwino. Akuti akukufuna."

Sungeni anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kumilomo.

"Akudwala kwambiri?"

"Akudwala, eya. Thupi laukalamba ukulidziwa. Tiye tikawaone, tibwerako."

Chibangili chinaphethira kuchikasu kamodzi n'kubwerera. Sungeni analowa m'nyumba, anakhalitsamo pang'ono, n'kutuluka ndi chikwama chachikulupo kwa munthu wongokazonda wodwala. Mayi Elube sanachione n'komwe, maganizo onse anali pa kusunga nkhope yawo.

Pa siteshoni ya Chilomoni panali piringupiringu. Zipata zinkazindikira nkhope n'kudzitsekukira zokha, koma anthu ankazikankhabe mwachizolowezi. Timaloboti tonyamula katundu tinkazemba pakati pa miyendo ya anthu tikupepesa, popanda wotiyankha. Ana asukulu, anamwino otsalira tulo m'maso, amisiri ndi zikwama za zipangizo, onse ankathamangira chitseko chimodzi ngati chisa chimenecho n'chomaliza padziko. Kutsogolo kwa mzere kunali bambo wina wa tayi ndi chipewa chaubweya, amene aliyense ankamudziwa dzina chifukwa ankadzitchula yekha akamakalipa.

"Ine Matewere sindinachedwepo pamsonkhano chiyambire," ankatero. "Lero ndichedwe chifukwa cha beseni la mapeyala? Mayi, katundu wanuyu bwanji osapatsa loboti?"

"Loboti amandifinyira mapeyala, bambo," anayankha mayi wa besenilo, wamfupi, wa mawu aakulu. "Inu msonkhano wanu suwola. Angawa amawola."

Khamu linawanyamula onse n'kuwatsanulira m'chisa chimodzi. Mpando wa oyembekezera unali wopanda munthu, ndipo Sungeni anakhalapo, mkono n'kuutsamiritsa pa chitsulo cha m'mbali. Mayi Elube anaima patsogolo pake, miyendo atatangadza, chikwama atachikumbatira pachifuwa ndi manja onse awiri. Anadziwa bwino lomwe kuti akangogwira chitsulo, Kaligo atola zimene zili mumtima mwawo n'kuzimwaza m'chisa chonse. Anatsimikiza kuti afika ku Bangwe osagwira, zivute zitani.

Chisa chinanyamuka popanda phokoso. Michiru anatsalira kumbuyo, Ndirande anaima kumanzere ndi nkhalango yake yobwezeretsedwa, Soche kumanja. Pansi, nkhungu ya chiperoni inali itagona m'chigwa cha Mudi, yoyera mbee, ndipo m'menemo munkangotulukira nsonga za mabulugamu ndi nsanja za matchalitchi. Mzinda weniweni sunkaoneka. Munthu ukanatha kuganiza kuti anthu onsewa sakupita kuntchito, angonyamuka kukayendera mitambo.

Kenaka Kaligo anayamba. Poyamba panamveka banjo imodzi, yamanyazi, ngati ikuchokera kuseri kwa phiri. Ulimba wa ku Nsanje unaiyankha. Kunabwera mawu a kwaya ya amayi, ng'oma ya beni imene wina anaisunga chichokereni kumudzi, ndi kulira kwa njiwa kumene sindikudziwa kuti kunali mumtima mwa yani. Zonsezo zinakumana n'kuyamba kuyendera limodzi. Mapewa a anthu anatsika. Namwino wina anatsamira galasi akumwetulira m'tulo. Phazi la a Matewere linayamba kugunda pansi mwini wake asakudziwa, ndipo mayi wa mapeyala ankagwedeza mutu beseni lili pomwepo. Chibangili cha Sungeni chinali chobiriwira.

Mayi Elube okha ndiwo anali kunja kwa nyimboyo. Ankaimva ndi makutu, koma mwa iwo munalibe chawo, ndipo zinawawawa kwambiri. M'mawa uliwonse nyimbo imeneyi inkawasambitsa mtima, ndipo lero, tsiku limene ankaifuna kuposa masiku onse, anayenera kuithawa.

"Mayi ovala zachikasu," anatero Kaligo ndi mawu ake ofatsa aja, osadziwika ngati ndi aamuna kapena aakazi, "gwirani chitsulo. Kutsogoloku kuli mphepo."

"Ndili bwino, bambo. Zikomo."

"Mwina adya za eni," anatero mmisiri wina kumbuyo. "Akuopa kuti Kaligo awaimba."

Anthu anaseka. Mayi Elube nawonso anaseka, mano okha. Sungeni sanaseke, ankangoyang'ana nkhungu.

Akudutsa pamwamba pa tauni, pansi pa banjo ndi ulimba panatulukira kamawu kena, kakang'ono, kongokwera katatu n'kutsika. Palibe anakalabadira kupatula mayi Elube, amene mtima wawo unangoti myuu. Ankakadziwa kamawuko kuposa dzina lawo.

Iwo ndi Idesi anakulira m'tsinde mwa Mulanje, ndipo sukulu inali kuseri kwa minda ya tiyi. M'miyezi yozizira udzu wa m'njira unkakhala utalemedwa ndi mame, ndipo Elube, ali kamtsikana kolira msanga, ankakhala pansi n'kukana kuyenda. Idesi sankamumenya. Ankatsogola, kusansa mame ndi miyendo yake kuti mng'ono wake asanyowe, akuimba kanyimbo kamene anapeka yekha:

Mame, mame, tisiyire njira,
Mng'ono wanga alibe nsapato.
Dzuwa likatuluka ndikubwezera.

Nyimboyo sinalowepo pa wailesi kapena m'buku lililonse. Inali ya pabanja pawo pokha. Nanga Kaligo anaitenga kuti, iwo asanagwire kanthu? Mayi Elube anayang'ana pansi, nakayikira mapazi awo. Anaima chonyang'ama, kenaka ndi mwendo umodzi.

"Pepani, mayi," anatero mayi Elube monong'oneza kwa mayi wa mapeyala uja, "kodi Kaligoyu amamvanso ndi kumapazi?"

"Kumapazi? Ayi, ndi m'manja mokha. Mwana wanga amakonza zimenezi, anandiuza. Bwanji, mukumuopa?"

"Ayi, ndangofunsa."

"Musamuope. Uyu salalatira munthu. Amangokupatsa zako zomwe, zitachapidwa."

Pa Chichiri chingwe chimakwera kwambiri, ndipo m'pamene mphepo ya chiperoni imadutsira. Chisa chinalowa m'nkhungu, dziko lonse n'kuzimiririka, kutsala kuyera kokhakokha kumbali zonse. Kenaka mphepo inachiwomba m'nthiti. Chisa chinapendama, khamu linatsetserekera mbali imodzi, ndipo mayi Elube, amene anaima ndi mwendo umodzi, anapezeka akugwa chafufumimba kulunjika pa mimba ya Sungeni. Panalibe nthawi yosankha. Chikwama chinagwa, dzanja linatambasuka lokha n'kugwira chitsulo.

Banjo inaleka. Ulimba unaleka, ng'oma ndi njiwa zomwe. Kaligo anali atapeza nyimbo imodzi m'mitima iwiri, ndipo anachita monga anapangidwira. M'nkhungu monse munadzaza mawu a mkazi, osasa pang'ono, oseka mkati mwake, mawu a Idesi monga mmene okumbukira anawasungira. Ankaimba pawiri nthawi imodzi. Kwina anali kamtsikana koimba kuti mng'ono wanga alibe nsapato, kwina anali mayi wamkulu woimba kuti mwana wanga alibe nsapato. Inali nyimbo yokondwa, yodumphadumpha, ndipo ana asukulu anayamba kuwomba m'manja.

Mayi Elube anafuna kusiya chitsulo, koma dzanja linakana. Anali mawu a mkulu wawo, ndipo kumusiya kachiwiri m'mawa umodzi sakanatha. Atayang'ana padzanja la Sungeni anaona chikasu.

"Zimitsani," anatero. "Bambo Kaligo, chonde zimitsani."

"Nyimboyi ndaipeza m'mitima iwiri," anayankha Kaligo. "Mwa zonse zimene ndamva lero, palibe yokondwa kuposa imeneyi. Komabe mitima yake ikulemera pamene ndikuimba. Zimenezi sindinazionepo. Kodi ndalakwitsa?"

"Musazimitse," anatero Sungeni.

Ananena motsitsa, koma chisa chonse chinamva. Anawerama movutikira, natsegula chikwama chake chachikulu chija. Pamwamba penipeni panali chitenje ndi mpango, zopindidwa bwino.

"Ndinadziwira pakhomo paja, mayi aang'ono. Inu kuvala diresi laukwati Lachiwiri m'mawa? Ndiye mukwere chisa osagwira chitsulo, inuyo? Kamawu kaja kamachokera kwa ine. Ndakhala ndikuwaimba amayi chichokereni ku Chilomoni."

"Nanga bwanji sunanene, mwanawe?"

"Mumayesetsa kwambiri. Ndinati ndikufikitseni kunyumba musanagwe. Ine ndi amayi anga, koma inu munawadziwa ine ndisanabadwe." Anawayang'ana m'maso. "Apita nthawi yanji? Avutika?"

"M'bandakucha. Ali m'tulo. Sanavutike."

Kudziwa mumtima n'kwina, kumva ndi makutu n'kwina. Sungeni anali atanyamula nkhaniyo bwinobwino pamene inali yongoganizira, koma itatuluka pakamwa pa munthu inamugwera yonse. Mpweya unayamba kumuperewera. Sanalire, anangotsegula pakamwa, maso ali gwa pa nkhungu, manja atagwira mimba. Chikasu cha padzanja chinayamba kuda, kulowera kofiira. Mayi Elube anagwada pakati pa miyendo ya anthu n'kumugwira mawondo. Anachita mantha amene sanawamvepo chibadwire. Anatumidwa kukatenga anthu awiri, ndipo chipatala chinali kutali pansi pa nkhungu.

Kaligo anayesa zimene ankadziwa. Anafulumizitsa nyimbo, anabwezeramo banjo, anawonjezera ng'oma. Chibangili chinapitiriza kufiira.

"Iwe Kaligo, takhala chete kaye," anatero mayi wa mapeyala. "Izi si zako."

Anatula beseni pamapazi pa a Matewere, ndipo iwo sanatsonye. Anamasula chitenje cha m'chiuno n'kuchimanganso bwino, natenga mpango wa m'chikwama cha Sungeni n'kumumanga kumutu ngati mwana wake. Kenaka m'chisa monse munamveka mazipi. Namwino, mlembi wa nsapato zazitali, mayi wa kubanki, aliyense anapisa pansi pa chikwama n'kutulutsa chitenje, pakuti ngakhale m'masiku a zisa mkazi wa kuno sayenda wopanda chitenje, sadziwa chimene akakumane nacho. Ana asukulu anatsitsa manja. A Matewere anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, amuna enawo n'kutsatira.

Mayi wa mapeyala sanafunefune nyimbo ina. Anatenga yomweyo ya mame, imene anali atangoimva, n'kuikoka pang'onopang'ono monga mmene amayi amaimbira pasiwa, mawu amodzi kudikira anzake. Amayi anavomera. Amuna analowa pansi ndi besi, poyamba mwamanyazi. Anthu osadziwana, oti mphindi zapitazo amapondana, anaimbira Idesi amene sanamuonepo, aliyense dzanja lili pachitsulo.

Pamenepo mayi Elube analira. Analira mokweza, mwachimudzi, akutchula mkulu wawo dzina, akumufunsa kuti nanga mame awasansire ndani, zofiiritsa milomo zikuyenderera pa diresi laukwati. Sungeni atamva kulirako china chake chinamasuka pachifuwa pake, mpweya unabwerera, ndipo naye analira, atakumbatira mutu wa mayi ake aang'ono pamimba. Namwino uja anamugwira dzanja, maso ali pa chibangili. Kufiira kunaima. Kunakhala pomwepo nthawi yaitali ndithu, kenaka kunayamba kusungunuka, kubwerera kuchikasu. Nyimbo itazungulira kangapo, padzanja pa Sungeni panabiriwira.

"Mwana akusewera," anatero Sungeni, akuseka ndi kulira pamodzi. "Mayi aang'ono, wakumenyani khutu. Mwamva?"

Nthawi yonseyi Kaligo anali chete, koyamba chimupangireni. Koma ankamvetsera. M'zitsulo zonse ankamva chinthu chimene akatswiri sanamuuze: anthuwa ankalira, koma mitima yawo inkapepuka kuposa mmene banjo iliyonse inaipepuzirapo. Popeza ntchito yake inali kupepuza mitima, anaphunzira. Analowa pansi pa mawu awo ndi nsambo imodzi yokha, yotsika, osatsogola, kungowagwirizira.

"Kodi zimenezi mumazitcha chiyani?" anafunsa motsitsa.

"Kukhuza maliro," anayankha a Matewere. "Ndipo pamaliro sitithamanga, mwana iwe. Kale tikaona masamba pamsewu, galimoto inkayenda pang'onopang'ono, wa njinga ankatsika."

Anangonena monga munthu wamkulu amanenera, osadziwa kuti akuphunzitsa. Koma Kaligo anali mmodzi m'chingwe chonse, ndipo kuti azigwirizanitsa nyimbo ndi kayendedwe ka zisa anali ndi dzanja pa liwiro lake. Kuyambira ku Chilomoni mpaka ku Bangwe chingwe chinafatsa. Nyale za m'zisa zonse zinasanduka zobiriwira ngati masamba aawisi, ndipo nyimbo ya mame inayenda m'chingwe kulowa chisa ndi chisa. Anthu a m'zisa zinazo sanadziwe kuti maliro ndi a yani. Ena anayamba ndi kutsonya. Koma aliyense ali naye wake amene anamuika mothamanga n'kubwerera kuntchito, ndipo m'mawa umenewo, ali lendelende m'nkhungu popanda kothawira, ambiri anamulira bwinobwino koyamba. Amene anali pansi amati anangomva mitambo ikuimba.

Pa Limbe chitseko chinatseguka. Ana asukulu anatsika chifukwa amayi anawathamangitsa, ndi ena ochepa amene ntchito zawo sizidikira. Mayi wa mapeyala anayang'ana beseni lake, nayang'ana msika, n'kukhala pomwepo.

"Bambo, si pano potsikira panu?" anafunsa. "Msonkhano uja."

"Mwanena nokha kuti suwola," anatero a Matewere. "Maliro n'kulirana."

Atatuluka m'nkhungu dzuwa linali litakwera pa Bangwe, ndipo kuchokera m'mwamba anaona nthambi zaziwisi zitayalidwa pamsewu wolowera kwa Idesi. Malume a Sungeni anali atadikira pachipata, akuyeseza mawu oti amuuzire mwanayo. Anaona mlongo wawo akubwera, nkhope itatupa ndi kulira, chitenje atachimanga pamwamba pa diresi laukwati, Sungeni akuyenda ndi miyendo yake pakati pa amayi osadziwika, kumbuyo bambo wa tayi atasenza beseni la mapeyala. Anayang'ana padzanja pa Sungeni, naona pobiriwira, ndipo mawu onse amene anakonza anawathera. Anangopatuka kuti anthu alowe.

Kumaofesi kunavuta. Theka la mzinda linafika kuntchito mochedwa, maso ali ofiira, ndipo mabwana anafuna kudziwa amene analola makina kuimitsa ntchito chifukwa cha mayi mmodzi wa ku Bangwe. Akatswiri anabwera, nafufuta zonse zimene Kaligo anaphunzira tsiku limenelo. Sipanapite nthawi anaziphunziranso. Anafufutanso, iye n'kuphunziranso, pakuti aphunzitsi ake ankakwera m'mawa uliwonse, zitenje zili pansi pa zikwama. Mapeto ake anamuleka. Mpaka lero, masiku ena chingwe chimafatsa mwadzidzidzi, nyale n'kubiriwira, ndipo anthu amati Kaligo waika masamba. Amayamba ndi kuyang'ana nthawi, kenaka amavula zipewa.

Mayi Elube anatenga miyezi osagwiranso chitsulo. Ankakwera, kutsika, manja ali pachikwama. Sikuti anamukwiyira Kaligo, koma ankaopa kumva mawu aja, ndipo ankaopanso kuti mwina sadzawamvanso.

M'mawa wina mvula itayamba anaperekeza Sungeni ku sikelo ndi khanda lake, kamtsikana konenepa, kaukali ngati agogo ake. M'chisa munali modzaza monga mwa masiku onse, ndipo wina ankakalipira mnzake za ambulera yonyowa. Mayi Elube anakanyamula kamwanako pachifuwa. Sungeni manja onse anali ndi katundu. Kamwanako kanatambasula dzanja, monga makanda amachitira ndi chilichonse chonyezimira, n'kukulunga tizala take pachitsulo.

Pansi pa banjo ndi ulimba wa anthu ena panatulukira kamawu kakang'ono, kongokwera katatu n'kutsika.

Awiriwo anayang'anana. Chichokereni ku maliro palibe anaiimbapo nyimboyo, inali ikuwawabe. Mwanayu anaimva kamodzi kokha, ali m'mimba, m'nkhungu ya pa Chichiri.

"Mayi ovala zamaluwa," anatero Kaligo, "pali mtima umodzi waung'ono umene uli ndi nyimbo, koma ikusowa mnzake."

Mayi Elube anakweza dzanja pang'onopang'ono n'kuliika pambali pa tizala tija. Nyimbo inadzuka, yokondwa monga inalili poyamba, ndipo chiuno chawo chinayankha chokha. Anapitirira siteshoni ya ku sikelo onse atatu. Idesi anali atagona kumanda a ku Bangwe, koma m'mwamba mwa mzindawo anali akupemphabe mame kuti asiyire ana ake njira.